Kodi n'koyenera kulipira wotsogolera pokalawa zakudya m'misika ya Warwick ku Durban?

Wapaulendo wa ku Germiston analemba:

Moni nonse akuluakulu a pabwalo lino. Ndimakhala ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg, ndipo mwezi wa Disembala ndikuyembekezera apongozi anga, aamuna ndi aakazi omwe, amene akubwera kuchokera ku Mangochi kudzationa. Takonza zoti tikawaonetse nyanja ya mchere ku Durban, koma popeza apongozi aakazi akhala akuchita geni ya zakudya zophikaphika kwa zaka zambiri, mayi a kunyumba akuti chimene chingawasangalatse kwambiri si mchenga wa kugombe ayi, koma kuona mmene anzawo a ntchito yomweyo amaphikira ndi kugulitsira kuno. Pofufuza pa intaneti ndapeza kuti ku Warwick Junction, pakati pa mzinda wa Durban, kumachitika maulendo oyenda pansi amene munthu amalipira wotsogolera kuti amuyendetse m'misika, akumulawitsa zakudya ndi kumufotokozera mbiri ya malowo.

Chimene chikundivuta n'chakuti ife tinakulira m'misika, ndipo sindinamvepo kuti munthu amafunika womugwira dzanja kuti akagule chimanga chophika. Choncho ndikufuna kumva kwa inu amene mumawadziwa malowa ngati ndalama ya wotsogolerayo ili ndi phindu lenileni kwa anthu ngati ife, kapena ndi zinthu zokonzera azungu obwera ndi makamera. Ndikufunanso kudziwa ngati ndalamayo imafika kwa amayi ophikawo kapena imathera m'thumba la kampani. Nkhawa yanga ina ndi ya m'mimba mwa anthu achikulire, chifukwa sindikufuna kuti tchuthi chawo chikathere kuchipatala, ndiponso apongozi aamuna ndi Msilamu wosamala kwambiri pa nkhani ya nyama, kotero sindikufuna kuwafikitsa pamalo pamene angachite manyazi kukana chakudya chimene chaikidwa kale patsogolo pawo. Ndithokoza kwambiri uphungu wanu.

Mayi wa ku Umbilo anayankha:

Achimwene, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani kuti Warwick si msika umodzi umene munthu angauzungulire n'kutulukira pachipata chimene analowera. Ndi misika isanu ndi inayi yolumikizana, ina pansi, ina pamwamba pa milatho, ina m'makonde a siteshoni ya sitima ya Berea, ndipo yonse yazunguliridwa ndi madepoti a mabasi ndi maminibasi. Anthu oposa 400,000 amadutsa pamenepo tsiku lililonse popita ndi pochokera kuntchito, ndipo ochita malonda alipo masauzande angapo. Munthu wachilendo amene wangotsika galimoto amaona chipwirikiti chokhachokha, ndipo kawirikawiri amangoyenda m'mphepete mwa msewu waukulu, uja kale unkatchedwa Warwick Avenue koma lero ndi Julius Nyerere, n'kubwerera akuganiza kuti waona zonse pamene sanafike n'komwe pamene pali zakudya zenizeni.

Malo amene apongozi anu aakazi sadzawaiwala ndi Bovine Head Market, kumene amaphika mitu ya ng'ombe. Ntchito yake ndi yogawana: abambo amasenda mituyo ndi kuiwaza ndi nkhwangwa, kenako amayi amaiwiritsa m'mapoto akuluakulu mpaka nyama itayamba kulekana yokha ndi fupa. Nyamayo, imene Azulu amaitcha inhloko, amaiduladula pathabwa n'kukupatsani pamodzi ndi mchere, tsabola, kapu ya msuzi wake wotentha ndi ujeqe, yemwe ndi buledi wophikidwa ndi nthunzi. Mumadya ndi manja, mutakhala pabenchi limodzi ndi madalaivala a maminibasi ndi anyamata okankha ngolo. Pa chikhalidwe cha Azulu mutu wa ng'ombe unali chakudya cha abambo pakaphedwa ng'ombe pamwambo, ndiye n'zochititsa chidwi kuti mumzinda muno amene akuuphika ndi kupeza nawo ndalama zolipirira ana sukulu ndi amayi. Kale amayiwa ankaphikira m'mbali mwa msewu pamoto wa nkhuni, mafuta ndi madzi otsukira zikungoyenderera panjira, mpaka khonsolo inawamangira malo okhala ndi denga, matebulo a simenti ndi ngalande. Munthu wodziwa geni ya zophikaphika adzakhala ndi mafunso ambiri pamenepo, monga kumene amapikula mituyo, nthawi imene amayatsa moto, ndi mmene amawerengera phindu pa mutu umodzi, ndipo mafunso otere sangayankhidwe kwa mlendo wosadziwa Chizulu amene wangotulukira popanda womudziwitsa.

Apa m'pamene ine ndimaona phindu la wotsogolera. Chakudya chokhacho mungathe kugula nokha, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Chimene mukulipira ndi chilolezo choima pambali pa mphika n'kumacheza ndi mwini wake iye asakukayikirani. Mayi amene ali kalikiliki kutumikira makasitomala a nkhomaliro alibe nthawi ya munthu wongofunsa mafunso, koma akaona kuti mwabwera ndi mnzake wa mumsika momwemo, amene amasonkha naye ndalama pamaliro ndi kukhala naye pamisonkhano ya komiti, amakupatsani mpando ndipo amamasuka. Zili ngati kufika pamudzi wa eni uli ndi mwana wa pamudzipo, pamene umalowetsedwa mpaka kukhitchini, pomwe wongodutsa amathera pabwalo.

Musaphonye ophika chimanga chachiwisi. Iwo amachiwiritsa m'migolo ya malita 200 pamoto wa nkhuni, ndipo chimanga chambiri chotentha chimene mumachiona chikugulitsidwa m'misewu ya pakati pa Durban chimachokera kwa iwowa. Utsi wake ndi woboola m'maso, choncho achikulire asaimepo nthawi yaitali. Ku Early Morning Market, komwe ndi msika waukulu wa masamba ndi zipatso, apongozi adzazindikira zinthu zambiri za kwathu zili ndi mayina ena: bonongwe amene kuno amati imbuya, koko amene amati amadumbe, nkhwani, mbatata ndi mtedza. Cha ku siteshoni mudzapeza amagwinya, omwe ndi mandasi aakulu osatsekemera kwambiri, komanso nthumbwana, zipalapasiro ndi mahewu.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi kuti musakhumudwe. Ulendo wa misika isanu ndi inayi si wa zakudya zokhazokha. Mudzadutsa ku msika wa mankhwala azitsamba, umene uli pamwamba pa misewu ya m'mwamba imene inasiyidwa isanamalizidwe, kumene asing'anga amagula mizu ndi makungwa. Mudzaona amayi ogulitsa mibulu ya dongo loyera ndi lofiira lodzola kumaso padzuwa, pamodzi ndi impepho, chitsamba chofukiza polankhula ndi makolo. Mudzadutsanso ku Brook Street, kumene kuli osoka madiresi pafupi ndi manda a Badsha Peer, munthu amene Asilamu a kuno amamulemekeza ngati woyera mtima. Ngati cholinga chanu ndi kudya, muuzeni wotsogolerayo polembetsa kuti mukufuna nthawi yochuluka pa miphika, chifukwa mukapanda kunena adzakuyendetsani mofanana ndi gulu lina lililonse, ndipo kulawako kudzangokhala kanthuli kamodzi pathabwa.

Mphunzitsi wa ku Pietermaritzburg anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene mayi a ku Umbilo anena, koma ndikufuna kuyankha funso lanu lachiwiri, bambo, lija la kumene ndalama imapita, chifukwa silingamveke bwino popanda kudziwa mmene maulendowa anayambira.

Misika ya kumeneko inabadwa m'tsankho. Amwenye oyamba anafika ku Natal mu 1860 kudzagwira ntchito ya kontirakiti m'minda ya nzimbe, ndipo ambiri atamaliza zaka zawo anayamba kulima masamba m'madimba a m'mphepete mwa mzinda n'kumawagulitsira mumsewu wa Victoria m'mamawa. Mu 1934 khonsolo inawasamutsira m'nyumba ya Early Morning Market imene ilipo mpaka lero. Anthu akuda, kumbali yawo, ankaletsedwa kuchita malonda pakati pa mzinda, ndipo apolisi ankawathamangitsa ndi kuwalanda katundu mpaka malamulo atayamba kufewa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ulamuliro wa tsankho utatha, khonsolo inayamba ntchito yokonza Warwick mokambirana ndi ogulitsawo m'malo mowachotsa, ndipo malo ophikira mitu ya ng'ombe, msika wa zitsamba ndi denga la ku Brook Street ndi zipatso za nthawi imeneyo. Awiri mwa amene ankagwira ntchitoyi, Richard Dobson, katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndi Patrick Ndlovu, anachoka kukhonsolo n'kuyambitsa bungwe la Asiye eTafuleni mu 2008 kuti apitirize kuthandiza ochita malonda a m'misewu.

Chaka chotsatira, mu 2009, khonsolo yomweyo inalengeza kuti pamalo a Early Morning Market pamangidwa sitolo zazikulu zamakono, pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Ogulitsa anakana, apolisi anawathira utsi wokhetsa misozi ndi kuwaombera ndi zipolopolo za labala, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti mothandizidwa ndi maloya a Legal Resources Centre. Khonsolo inasiya ganizolo mu 2011. Maulendo otchedwa Markets of Warwick anayamba mkati mwa mkangano umenewu, mu 2010, ndipo otsogolera ake anali ogulitsa a m'misikamo amene anaphunzitsidwa ntchito yolandira alendo. Cholinga sichinali ndalama ya tikiti yokha. Anthu ambiri a ku Durban okhala m'madera olemera ankaona Warwick ngati malo auve ndi a zigawenga ongoyenera kugwetsedwa, ndipo ogulitsawo anazindikira kuti msika umene ana asukulu, ophunzira a ku yunivesite ndi alendo akunja aulowa n'kudyamo ndi wovuta kuugwetsa mwakachetechete.

N'chifukwa chake ine sindiika maulendo onse m'thumba limodzi. Pali ulendo umene wotsogolera wake ndi wogulitsa wa momwemo, ndipo pali wa makampani a zokopa alendo amene amatenga anthu kuhotela, kuwadutsitsa mumsika kwa kanthawi, kuwalawitsa pa tebulo limodzi limene anagwirizana nalo, n'kupita nawo kwina. Sindikunena kuti achiwiriwa ndi akuba, ndipo ena mwa iwo amadziwa mbiri ya mzindawu bwino kwambiri, koma gawo lalikulu la ndalama yanu limalipira galimoto, ofesi ndi kutsatsa malonda pa intaneti. Musachite manyazi kufunsa musanalipire kuti wotsogolerayo ndi wa kuti, kuti zolawazo zili kale mumtengo kapena ayi, ndiponso kuti wophika amalandira mtengo wathunthu wa mbale kapena amangopatsidwa kangachepe chifukwa chomubweretsera alendo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti lamulo la zokopa alendo la dziko lino, Tourism Act ya 2014, limafuna kuti aliyense wotsogolera alendo molipidwa akhale wolembetsedwa m'chigawo chake ndipo akhale ndi baji ndi chiphaso, choncho munthu wongokuimitsani pamsewu n'kudzipereka kuti akuyendetsani muli ndi ufulu womufunsa chiphasocho.

Komabe njira yotsimikizika yofikitsira ndalama kwa wophika ndi yakalekale ija: gulani. Nyamulani marandi ang'onoang'ono, lipirani mbale yathunthu pamene mwalawa, ndipo apongozi akakonda zokometsera ndiwo kapena nsalu agule pomwepo. Gulu la anthu khumi limene latseka kanjira kwa mphindi makumi awiri, kujambula zithunzi n'kuchoka osagula kanthu, lamudyera wogulitsayo makasitomala ake enieni, ngakhale litamuyamikira chotani.

Namwino wa ku Chatsworth anayankha:

Achimwene, ine ndilankhulapo pa nkhani ya m'mimba yokha, poti ndiyo ntchito yanga. Anthu ambiri amaganiza kuti chakudya cha mumsika n'choopsa ndipo cha m'sitolo chokutidwa bwino n'chotetezeka, koma zimene zachitika m'dziko lino sizikugwirizana ndi maganizo amenewo. Mliri wa listeriosis wa mu 2017 ndi 2018, umene unadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, unachokera ku poloni wopangidwa m'fakitale yaikulu ku Polokwane, osati kwa mayi wophikira pamoto. Ana asanu ndi mmodzi amene anamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024 anaphedwa ndi terbufos, mankhwala a m'munda amene anthu amagula mozemba kuti aphere makoswe. Choopsa si msika pawokha, koma mmene chakudyacho chasungidwira ndi zimene chakhudzana nazo.

Nyama ya mutu imene yawira kwa maola ambiri ndipo yachotsedwa mumphika inu mukuona ili m'gulu la zakudya zotetezeka kwambiri zimene mungadye tsiku limenelo, chimodzimodzinso chimanga chotuluka mumgolo wowira ndi amagwinya ongovuulidwa kumene m'mafuta. Malangizo a bungwe la World Health Organization ndi akuti chakudya chophika chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60 ndipo chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo kutentha kwa chinyontho kwa Durban mu Disembala kumachititsa kuti malangizowa akhale ofunika koposa. Choncho samalani ndi zimene zazizira kale pambale, saladi wa kabichi kapena kaloti amene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa, zipatso zosendasenda, ndi zakumwa zothira madzi oundana amene simukudziwa kumene achokera. Yang'anani thabwa lodulira ndi kansalu kopukutira, ndipo onani ngati amene akulandira ndalama ndi yemweyo akugwira nyama ndi manja. Apongozi anu aakazi, poti ndi a ntchito yomweyo, zimenezi adzaziona msanga kuposa inu, ndipo mukawaona akukayikira tebulo lina muwamvere.

Wotsogolera wabwino amathandiza pamenepa chifukwa amadziwa mphika umene umatha msanga, ndipo chakudya chimene chikugulidwa mothamanga sichikhala ndi nthawi yoti chiwonongeke. Koma iye sadziwa matenda a alendo ake. Msuzi wa mutu uli ndi mafuta ndi mchere wambiri, ndiye ngati wina mwa achikulirewo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi angolawa pang'ono. Wodwala shuga asanyamuke ndi njala poganiza kuti akadya konko, chifukwa kulawa koyamba kungathe kufika patapita ola lathunthu akuyenda. Tsabola wa curry wa ku Durban ndi woopsa ngakhale kwa ife ozolowera kambuzi, ndipo kutsegula m'mimba kumene alendo ambiri amadandaula nako mawa lake nthawi zina kumabwera chifukwa chosakaniza zakudya zamafuta ndi zatsabola zambiri pa nthawi imodzi, osati chifukwa cha tizilombo. Nyamulani madzi akumwa a m'botolo, sopo kapena mankhwala opaka m'manja, ndi mapaketi a thanzi ORS, ndipo aliyense asambe m'manja asanagwire chakudya chifukwa adzakhala atagwira zitsulo za pamasitepe zimene anthu masauzande agwira tsiku lomwelo.

Che Mjomba wa ku Overport anayankha:

Bambo, ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi a anzangawa. Amalawi tili ambiri mu Durban muno, ndipo ena a ife timadutsa pa Warwick tsiku ndi tsiku popita kuntchito. Mukadakhala ndi mbale wanu kuno wolankhula Chizulu, ndikadati sungani ndalama yanuyo mukagulire apongozi mphatso. Ndiponso, kunena zoona, zimandinyansa ndikaona gulu la alendo litazungulira mayi amene akugwira ntchito yake thukuta lili kamukamu, mafoni ali m'mwamba, ngati akuonera chinthu chodabwitsa. Mayi ameneyo ndi wofanana ndi apongozi anu, ndipo sindikudziwa ngati iwo angakondwe atachitiridwa zotere pa benchi lawo ku Mangochi. Mukapita, pemphani kaye musanajambule munthu, ndipo ku msika wa zitsamba ndi bwino foni ingokhala m'thumba.

Pa nkhani ya halaal ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti apongozi aamuna asadye mutu wa ng'ombe pamenepo. Mituyo imachokera kwa ogulitsa nyama osiyanasiyana, ndipo wophikayo ngakhale atakhala wokhulupirika chotani sangakutsimikizireni mmene ng'ombe iliyonse inazingidwira. Muuzeni wotsogolera zimenezi pasadakhale kuti thabwa lisaikidwe patsogolo pawo. Iwo sadzagona ndi njala, chifukwa mukangotuluka ku Victoria Street Market, umodzi mwa misika isanu ndi inayi ija, muli kale m'dera la Grey Street, msewu umene lero ukutchedwa Dr Yusuf Dadoo, kumene kuli mzikiti waukulu wa Juma Masjid ndi malo odyera ambiri a Asilamu. Yang'anani chiphaso cha halaal chopachikidwa pakhoma, monga cha SANHA, bungwe lotsimikizira zakudya za halaal, osangokhulupirira mawu olembedwa pawindo. Kumeneko n'kumene angadye bunny chow, buledi woboola pakati n'kuthiramo curry, amene anayambira mu Durban muno pakati pa Amwenye. Itanitsani kota, chifukwa theka ndi lalikulu kwa munthu wachikulire, ndipo amadyedwa ndi manja, kuyambira ndi chibuledi chija achotsa pakati. Kulinso malo a Ahindu ophika zamasamba zokhazokha, kumene bunny wa nyemba, samusa za mbatatesi ndi puri patha (buledi wokazinga wokhala ndi masamba a koko) zilibe nyama m'pang'ono pomwe.

Pamene ndingavomereze kuti wotsogolera ndi wofunika ndi pa chitetezo. Inu mukuchokera kutali ndi achikulire awiri amene adzakhala akulankhula Chiyao ndi Chichewa mokweza pakati pa chikhamu, ndipo tonse tikukumbukira za mu Epulo 2015, pamene ziwawa zolimbana ndi obwera zinayambira ku Isipingo n'kufika pakati pa mzinda mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi odzatenga anthu ake. Masiku wamba ogulitsa a pa Warwick alibe chifukwa ndi munthu, ndipo vuto lenileni ndi opisa m'matumba, makamaka mu Disembala pamene anthu alandira mabonasi. Koma kuyenda ndi munthu amene msika wonse ukumudziwa kumachititsa kuti anyamata oterewa akuoneni n'kukusiyani.

Wapaulendo wa ku Germiston anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Mbale wodziwa Chizulu ku Durban ndilibe, choncho ndatsimikiza zofuna wotsogolera wochokera mumsika momwemo monga anenera aphunzitsi, ndipo za mutu wa ng'ombe ndiwafotokozera apongozi aamuna tisananyamuke. Chatsala n'chakuti apongozi aakazi amavutika bondo akayenda mtunda wautali. Kodi ulendowu ndi wotheka kwa munthu wotere, nanga tsiku ndi nthawi yabwino ndi iti?

Mayi wa ku Umbilo anayankhanso:

Achimwene, ulendo wathunthu umatenga pafupifupi maola atatu, ndipo chovuta si kutalika kwake koma masitepe, chifukwa misika ina ili pamwamba pa milatho ndi pasiteshoni, ndipo mumakwera ndi kutsika kangapo pakati pa anthu othamangira sitima. Kwa munthu wa bondo ndingakulangizeni kuti mupemphe ulendo wa banja lanu lokha m'malo molowa m'gulu la anthu ena, ngakhale mtengo ungakwereko, kuti muziyenda pa liwiro la mayiwo ndi kudumpha malo ena. Early Morning Market ndi malo ophikira mitu zili pansi ndipo sizitalikirana kwambiri, ndipo pa mitupo pali mabenchi pamene angakhale n'kumacheza ndi ophika nthawi yonse imene inu mwakwera kukaona zitsamba. Ndikukhulupirira kuti iwo adzasankha kutsala pamenepo ngakhale bondo litakhala bwinobwino.

Yambani m'mawa, cha m'ma 9 koloko, chikhamu cha opita kuntchito chitachepa koma dzuwa lisanakwere, kuti mufike pa miphika nyama itapsa koma makasitomala a nkhomaliro asanadzaze mabenchi. Lachisanu lili ndi ubwino wake, chifukwa ndilo tsiku limene amayi oluka mikanda amabwera ndi katundu wawo kuchokera kumidzi, ndiponso apongozi aamuna angathe kukaswali Jumu'ah ku Juma Masjid ulendo ukatha. Kumbukirani kokha kuti masitolo ndi malo odyera ambiri a Asilamu a m'deralo amatseka nthawi ya swalayo, choncho bunny chow wa Che Mjomba uja mudzamudya cha m'ma 2 koloko, ndipo achikulire adye kenakake kogwira m'mimba pakati pa ulendo. Lamlungu musapite, chifukwa mabenchi ambiri amakhala otseka, ndipo masiku oyandikira Khirisimasi kumakhala kodzaza moti kuyenda ndi munthu wotsimphina n'kovuta, kotero ngati mungathe pitani chakumayambiriro kwa mwezi.

Onse avale nsapato zotseka zosaterera, chifukwa pansi pa malo ophikira pamakhala ponyowa ndi pamafuta, ndipo zikwama zikuluzikulu ndi mapasipoti enieni zitsale kumene mwafikira, munyamule makope okha. Galimoto mungaisiye pamalo oimikapo a ku Victoria Street Market, kumene apongozi aakazi angamalizire ndi kugula masala osakaniza pomwepo. Auzeni wogulitsayo kuti akufuna wothira ku nsomba, ndipo alawe kaye pansonga ya chala asanalipire, chifukwa zosakaniza zina za kumeneko ndi tsabola wokhawokha.